Mtengo wa pa Phulusa la a Sankunni

Dzina lake lonse ndi Pushpangadan, koma olitchula lonse anali anamwino a kuchipatala okha. M'mudzi monse anali Pushpan basi. Anali munthu wamfupi, wa miyendo yokhota, woyenda pamsewu ngati akukumbatirabe thunthu. Anayamba kukwera mitengo ya kokonati ali ndi zaka khumi ndi zinayi, kutsatira bambo ake, ndipo chaka chimene zinthu zinamuipira anali atakwera kwa zaka makumi anayi ndi zitatu. Khungu la pachifuwa ndi la mkati mwa mikono linali litada, litalimba ngati la ng'oma. Zida zake zinali chikwanje, kankhata ka chingwe kolowetsamo mapazi pokwera, ndi njinga yopanda mabuleki a kutsogolo.

Okolola makokonati analipo ena, okwera ndi makina achitsulo, achangu kumuposa. Koma mwezi wa Meyi ukafika, mitambo ikayamba kudera cha kunyanja, anthu ankafuna Pushpan. Nyumba iliyonse kuno yakhala pansi pa mitengo, ndipo mvula yaikulu ikabwera ndi mphepo yake, mtengo umene wakudyetsa chaka chonse ndi womwewo umakuswera denga. Pushpan ankafika, n'kuimika njinga, osalankhula. Ankauzungulira mtengo kawiri, n'kuponda dothi ndi chidendene kumbali imene mizu imakoka kuti amve ngati lafewa. Ankagogoda thunthu ndi msana wa chikwanje, khutu ataligunditsa pakhungwa. Kenaka ankakwera kukanunkhiza kumutu. Akatsika ankangoti "uli bwino," kapena "timange waya," kapena "udulidwe." Sankafotokoza zambiri, ndipo anthu sankafunsa. Akati uli bwino, mayi ankagoneka mwana pansi pake. Chuma analibe Pushpan. Nyumba yake inali ya zipinda ziwiri, ana ake aakazi anawakwatitsa movutikira. Chimene anali nacho n'chakuti mawu ake ankathetsa nkhani.

Mtengo wa Amma Kamalakshi ankaudziwa kuyambira uli mbande. Amuna awo, a Sankunni, atamwalira, Pushpan ndiye anadula mtengo wa mango wa nkhuni zootchera mtembo, kumwera kwa nyumba monga mwa mwambo. Phulusa litawoledwa, ndiyenso anakumba dzenje pamalo pomwepo, mwana wa malemu n'kudzalamo kokonati. Mwanayo tsopano ali ku Dubai, amabwera kamodzi pa zaka ziwiri. Mtengowo unakula zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, unatalika kuposa yonse ya pakhomopo, n'kupendekera kumpanda wa a Varkey kufuna dzuwa. Makokonati ake Amma sankagulitsa. Madzulo aliwonse akayatsa nyali ya mafuta, asanaiike pakhonde ankaitembenuzira kaye kumwera, kuionetsa mtengowo.

A Varkey, oyandikana nawo, anali atawonjezera nyumba yawo chaka chapitacho: khitchini, ndi kachipinda ka mwana wawo ndi mkazi wake Jincy, amene anali ndi khanda la miyezi inayi. Kachipindako kanathera pansi penipeni pa mutu wa mtengo. Kokonati wouma atagwa n'kuswa matailosi awiri, a Varkey anachotsamo khanda lija n'kupita kumpanda.

"Amma, ine mkangano sindikufuna," anatero a Varkey. "Koma mtengo wanuwu watiweramira kwambiri."

"Mtengo unabwera kudzamera pamwamba pa khitchini yako, Varkey? Kapena khitchini yako ndiyo inabwera kudzakhala pansi pa mtengo?"

"Malo ndi anga, ndimanga pamene ndafuna."

"Manga. Ndakuletsa?"

Anakokana masiku atatu, mpaka a Varkey anati, "Tiitane Pushpan. Chimene anene ine ndivomera." Amma anati iwonso avomera.

Pushpan anafika m'mawa wa Lachiwiri. Pansi zonse zinali bwino: dothi lolimba, mizu yogwira. Thunthu linalira bwino mpaka pamene dzanja limafika. Anapinda nsalu yake ya m'chiuno, analowetsa mapazi m'kankhata, nayamba kukwera.

Fungo linamupeza asanafike kumutu, fungo la uchema wogonera masiku atatu. Kutsinde kwa nthambi kunali timabowo totuluka madzi ofiirira ngati tiyi, ndi ulusi wotafunidwa utaunjikana ngati utuchi wonyowa. Anaika khutu. Mkati munkamveka kerekete, kerekete, osaleka: mphutsi za chikumbu chofiira zikudya. Anabaya ndi nsonga ya chikwanje, chikwanje n'kulowa ngati m'papaya wakupsa. Kunja masamba anali obiriwira, munthu wa pansi sakanadziwa kanthu. Koma khosi lonse la mtengowo linali litadyedwa. Mutu wotere sugwa nthambi imodziimodzi. Mphepo yoyamba kapena yachiwiri umathothoka wonse, wolemera ngati ng'ombe.

Anakhalitsa kumwambako. Anadula nthambi zouma, anatsitsa makokonati okhwima, anadulanso zina zosafunika kudula. Kenaka anatsika, mawu ali pakamwa kale: udulidwe.

Pansi pa mtengo anapeza Amma ataima ndi tambula ya tiyi, ataigwira ndi manja awiri. Anali atasamba, atavala nsalu yoyera yochapa kumene, ngati akupita kukachisi. A Varkey anatsamira mpanda. Kumbuyo kwawo kunali Jincy, mwana ali paphewa.

"Ali bwanji, mwana wanga?" anafunsa Amma, amene mtengowo ankaunena ngati ndi amuna awo.

Pushpan anayang'ana tiyi uja akugwedezeka m'tambula. Anakumbukira mayi yemweyu, tsitsi lisanachite imvi, atakhala pansi pamalo omwewa dothi lidakali lofunda ndi moto wa maliro.

"Ali bwino, Amma," anatero. "Tingomanga waya basi."

Amma anatseka maso, milomo ikuyenda. A Varkey anawomba m'manja kamodzi.

"Basi, zatha! Amma, mwapambana. Ine ndinanena kuti ndivomera, ndavomera. Jincy, wamva? Bwezera mwana m'chipinda chake, uku kutsogolo akupsa ndi kutentha."

Pushpan anamwa tiyi uja ataimirira. Sanamve ngati munali shuga. Masana omwewo anamanga waya kuchokera pakati pa thunthu kukafika ku mtengo wina wa kumadzulo, anaukoka mpaka unalira. Waya anali wabwino, womangidwa bwino. Koma unagwira thunthu, ndipo thunthu silinali ndi vuto.

M'mawa mwake anapatukira ku kanyumba ka tiyi ka Hamsa monga mwa masiku onse, n'kupeza a Varkey ali pabenchi, nkhani ili m'kamwa.

"Ndi uyu walowayu! Hamsa, mupatse tiyi ndi nthochi yokazinga. Ine ndinali nditanola kale nkhwangwa, anthuni. Uyu wakwera, watsika, mawu awiri basi, nkhani yatha."

"Adokotala a mitengo!" anatero Hamsa akuthira tiyi kuchokera m'mwamba. "Pushpan, tandigogodako ine pamsana, umve ngati ndifike chaka chamawa."

"Iwe usagogodedwe," wina anayankha. "Ukumveka kale kuti m'kati mulibe kanthu."

Onse anaseka. A Varkey anapitiriza: "Kunena zoona ine sindinkagona. Koma dzulo mdzukulu wanga tamumangira nsalu yake yogonamo pamtanda womwe uja, wagona ngati mwala. Ndati, Pushpan wanena."

Nthochi ija Pushpan anaikulunga m'pepala, nati akadyera kutsogolo. Anaipatsa galu panjira.

Kunyumba mkazi wake Ponnamma anaphika chinangwa ndi nsomba za tsabola, chakudya chimene Pushpan sankasiyako ngakhale msuzi. Anadya pang'ono n'kusamba m'manja.

"Mwasiya nsomba, inu? Mwadya kwa ndani?"

"Sindinadye kwa munthu."

"Ndiye mwagwa mumtengo osandiuza? Tembenukani ndione."

"Tandisiya, Ponnamma."

"Ndikusiyani. Zaka makumi atatu ndakhala ndikukusiyani, lero n'chiyani."

Anaganiza zopita mawa lake kukanena. Mawa litafika anaganiza kuti mwina mankhwala angathandize, ngakhale ankadziwa bwino lomwe kuti mankhwala amapulumutsa mtengo umene mphutsi zangoyamba kumene. Anapita kwa Amma nati akufuna kuona ngati waya sunakhwepe. Anakwera ndi botolo m'chiuno, anathira m'timabowo, anamata ndi dongo. Patapita masiku anayi anapitanso, nadula maphava awiri a makokonati anthete kuti mutu upepuke. Fungo linali litakula. Atatsika, Amma anamugwira mkono.

"Ukuwasamala ngati bambo ako okubala," anatero. "Mulungu akuona."

Pushpan anangoti zyoli. Pochoka anadzera kumpanda, ndipo pawindo la kachipinda kaja anaona nsalu yamaluwa ikugwedezeka pamtanda, kaphazi katatulukira kunja. Anakwera njinga osayang'ananso. Wailesi ya kwa Hamsa inali itanena kuti mvula yafika kale kuzilumba.

Tsiku lakhumi ndi chimodzi, dzuwa litapendeka pang'ono, Pushpan anali kuseri kwa nyumba yake akunola chikwanje. Anamva munthu akuti odi motsitsa mawu. Anali Jincy, yekha, ambulera kudzanja lina, kudzanja lina kanthu kokulunga m'nyuzipepala. Anali mtsikana wa kumapiri, wosalankhulalankhula. Chikwatiwire m'mudzimu Pushpan anali asanamumvepo mawu opitirira moni.

"Amalume, pepani ndakusokonezani."

"Palibe kanthu, mwanawe. Kunyumba kuli bwino?"

Jincy anagwada, anayala nyuzipepala ija pamwala wonolera. Munali tsinde la nthambi yaiwisi, lakuda mkati, lofumbwa. Pakati pake mphutsi yoyera, yonenepa ngati chala chachikulu, inkadzipinda ndi kudziwongola.

"Yagwa masana ano pamwala wochapira," anatero. "Kunalibe mphepo. Apongozi sanaione, ndinatola msanga." Anapitiriza maso ali pansi: "Kwathu bambo anga anataya mitengo isanu ndi iwiri ndi zimenezi. Umodzi unagwera khola."

Pushpan anayang'ana mphutsi ija.

"Mwina simunazione, amalume," anatero Jincy. "Kumwamba kuja n'kutali. Mwina zinali mbali ina."

Ndi mawu amenewa anamutsegulira khomo loti atulukirepo, ndipo Pushpan analiona. Akanangoti inde, maso akukalamba, anthu akanaseka sabata imodzi n'kuiwala. Mtsikanayu anali wamng'ono kuposa mwana wake wotsiriza, ndipo ndiye ankamufunira pobisala.

"Ndinaziona," anatero. "Tsiku loyamba lomwe."

Jincy anadzutsa mutu. Sanakalipe. Anangomuyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati, "Mwana wanga wagona pansi pake masiku khumi ndi limodzi."

Pakhomo la khitchini panali Ponnamma, chipande chili m'manja. Anamva zonse. Sananene nthabwala. Analowa n'kutuluka ndi malaya a mwamuna wake, n'kumupatsa osamuyang'ana.

Njinga anaisiya. Anayenda pansi, Jincy patsogolo, iye pambuyo ndi nyuzipepala ija. Atafika anaima pampanda paja, pamalo pomwe anamwera tiyi, naitana a Varkey ndi Amma. Anayala pepala pansi. Sanadziwe poyambira, choncho anangonena monga amanenera masiku onse.

"Udulidwe. Mutu wonse wadyedwa. Ndinadziwa tsiku lija, ndinanama."

A Varkey anayang'ana mphutsi, anayang'ana kumwamba, anayang'ana windo la kachipinda. Nkhope yawo inasintha.

"Jincy, chotsa mwana. Thamanga!" Kenaka anatembenukira kwa Pushpan. "Iwe! Ine kukutamanda pagulu, kukugulira tiyi ngati chitsiru! Ukanatiphera mwana iwe, ukudziwa? Ukanabwera kumaliro ndi chikwanje chakocho kudzatithandiza kukumba?"

"Palibe chimene ndinganene, achimwene."

"Achimwene ako ndani? Choka apa ndisanakuchite kanthu!"

Pushpan sanachoke. Mawu a a Varkey ankawawa, koma iye ankadikira a Amma. Mayiwo anaima atagwira mpanda, akuyang'ana pepala lija.

"Unandinamiza ngati kamwana," anatero potsiriza, mosakweza mawu.

"Ndinakumverani chisoni, Amma."

"Chisoni? Ukanandiuza tsiku lija ndikanalira, n'kutha. Ndalira zambiri ine, izi sizikanandipha. Tsopano anthu adzati chiyani? Adzati Kamalakshi anakakamira mtengo kuti uphe khanda la mnzake. Adzati anakunong'oneza. A Sankunni moyo wawo wonse sanaphepo ngakhale nkhuku ya munthu, iwe ukanawaphetsa mwana iwo atamwalira kale." Anatembenukira kwa a Varkey. "Varkey, sindinadziwe. Undikhulupirire."

"Ndikudziwa, Amma," anatero a Varkey, mawu atatsika. "Mawa ndiitana a makina aja."

"Ayi. Dzenje anakumba ndi uyu. Adule ndi uyu."

Analowa m'nyumba natseka chitseko.

Anadula m'mawa mwake. Nkhani inali itayenda kale, ndipo anthu anadzaza mumsewu ndi m'mphepete mwa mpanda, ena ndi matambula a tiyi m'manja. Mtengo woweramira denga saugwetsa kutsinde. Amayambira kumwamba, chidutswa chimodzichimodzi. Pushpan anakwera ndi chingwe chachitali paphewa. Anadula nthambi imodziimodzi, kuimanga ndi kuitsitsa, amuna atatu akukokera kumbali ya Amma. Zitatsala nthambi zanthete za pakati zokha, anamanga mutu ndi chingwe, nakoloweka chingwecho ku mtengo wa kumadzulo uja. Mutu wa kokonati wabwino umafuna kutema mpaka mkono kutopa. Uwu anatema kawiri, wachitatu unathothoka wokha. Unalendewera, unazungulira, ndipo utagunda pansi unang'ambika ngati dzungu lowola. Mphutsi zinangoti mbwee padothi. Nkhuku za a Varkey zinalowa pansi pa mpanda kuthamangira.

Pansi wina anati, osakweza kwambiri koma mokwanira kuti kumwamba kumveke, "Ndi umenewu mtengo uli bwino uja?"

Pushpan anakhala kumwambako, atakumbatira thunthu lopanda mutu, thukuta lili kamukamu. Kunalibe nthambi yobisalamo. Anapitiriza kutema, chidutswa ndi chidutswa, kutsika pang'onopang'ono mpaka mapazi anagunda pansi. Chitsa anachisiya cha m'mawondo.

Mtengo wodwala chotere umayenera kuotchedwa kuti zikumbu zisasamukire kwina, ndipo masiku onse Pushpan ankaotchera pomwepo. Tsiku limenelo anabwereka ngolo, anatuta zidutswa zonse maulendo asanu, nakaotchera kutsidya kwa ngalande, kuti Amma asaonenso utsi kumwera kwa nyumba yawo. Chitseko chawo chinakhala chotseka tsiku lonse. Pochoka anaima pang'ono kukhonde la kuseri, pamene ankalandirira tiyi zaka zonsezi. Sipanatuluke munthu.

Mvula inafika patapita masiku anayi, ndi mphepo imene inagwetsa mitengo isanu ndi umodzi m'mudzimo. Denga la a Varkey silinasweke ngakhale tailosi limodzi. Kwa Hamsa anthu ananena zambiri za mwayi wa mwana uja, ndipo Pushpan akalowa nkhani inkasintha. Dzina la adokotala linatha lokha. A Varkey anayamba kumuyankha moni itatha miyezi itatu. Amma makokonati awo akukolola ndi a makina. Jincy yekha akakumana naye pamsewu amaima n'kunena kuti, "Muli bwanji, amalume?" ndipo moni umenewo ndi umene Pushpan amauopa kuposa chete wa ena onse.

Ntchito sanaisiye, mawondo akadali olimba, ndipo m'mudzimo palibe wina wodziwa kumvera thunthu. Meyi wotsatira anamuitana kwa aphunzitsi a Ittoop, opuma pantchito, amene anali ndi kokonati kuseri kwa chipinda chogona. Pushpan anazungulira, anaponda dothi, anagogoda, anakwera. Anakhalitsa kumwamba kuposa kale, kununkhiza mbali zonse, kubaya tsinde la nthambi iliyonse. Mtengo unali wangwiro.

"Uli bwino, aphunzitsi," anatero atatsika.

Aphunzitsi anavula magalasi, anawapukuta ndi nsonga ya nsalu, anayang'ana kumwamba nthawi yaitali.

"Chabwino, chabwino. Zikomo, Pushpan." Anatsokomola. "Mawa ndiitanako wina adzaonenso. Si kuti sindikukhulupirira, iwe ukudziwa. Koma pali adzukulu pano."

Pushpan anakoloweka kankhata kake pachiwongolero cha njinga.

"Itanani, aphunzitsi," anatero. "Mumuuze ayang'anitsitse kumbali ya kum'mawa, kumene kuli nthambi zothinana. Kumeneko n'kovuta kuona."